Mapiri atatu m'maola 24, nanga ndalamazo zifika liti?

Ku Britain kuli mchitidwe umene chaka ndi chaka, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye, umakokera anthu zikwizikwi kumapiri. Amautcha Three Peaks Challenge. Munthu amalonjeza kuti akwera phiri lalitali kuposa onse ku Scotland, kenaka lalitali kuposa onse ku England, n'kumalizira lalitali kuposa onse ku Wales, onse atatu pasanathe maola 24. Achibale, anzake a kuntchito, a kutchalitchi, ngakhale anthu amene sanamuonepo nkhope amasonkha ndalama pa lonjezo limeneli. Ndalamazo si za wokwerayo ayi. Zimapita kuzipatala, kumabungwe osamalira odwala khansa, kwa ana amasiye, ndipo zina zimaoloka nyanja kudzamanga makalasi ndi kukumba mijigo m'maiko ngati lathu lino. Choncho musafulumire kutembenuza tsamba poganiza kuti awa ndi masewera a azungu okhuta. N'kutheka kuti desiki limene mwana wanu akukhalira kusukulu linagulidwa ndi matuza a m'mapazi a munthu amene dziko la Malawi amangolionera pa mapu.

Tiyambe tawadziwa mapiriwo. La ku Scotland ndi Ben Nevis, pafupi ndi tauni ya Fort William, lotalika mamita 1,345. La ku England ndi Scafell Pike, m'dera lotchedwa Lake District, mamita 978. La ku Wales ndi Snowdon, mamita 1,085, limene eni nthaka amalitcha Yr Wyddfa m'chinenero chawo, ndipo mu 2022 oyang'anira malowo anagwirizana kuti dzina la makololi ndi limene azitsogoza.

Mwana wa Fomu 1 amene amamvetsera m'kalasi akhoza kuseka akamva manambalawa. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Mzinda wa Lilongwe womwewu uli pamtunda wa mamita oposa 1,000, kutanthauza kuti mayi amene akusankha tomato mumsika wa Lilongwe waima pamwamba kuposa mzungu amene akudzijambula pansonga pa Scafell Pike. Komatu kutalika kwa phiri amayeza kuchokera pamene pamalekeza madzi a nyanja yamchere, ndipo miyendo siwerenga choncho. Miyendo imawerenga kuchokera pamene wayambira. Njira ya Ben Nevis imayambira m'chigwa chimene chili pafupifupi pamlingo wa nyanja, ndiye mamita 1,345 aja munthu amawakwera pafupifupi onse ndi mawondo ake. Mukaphatikiza mapiri atatuwo, chitunda chonse chimakwana mamita 3,064, ndipo mtunda woyenda pansi ndi makilomita 37. Kumeneko n'kozizira, nkhungu imakuta pansonga masiku ambiri a chaka, ndipo pa Ben Nevis chipale chofewa chimatha kukhalapobe kumayambiriro kwa nyengo yawo yotentha.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mapiriwa sali pamodzi. Pakati pawo pali msewu wa makilomita pafupifupi 740, kuposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, ndipo wotchi siima munthu akakhala m'galimoto. Ndondomeko imene ambiri amatsata ili motere. Amayamba Ben Nevis 5 koloko madzulo, poti m'mwezi wa Juni ku Scotland kumada cha m'ma 10 koloko usiku. Maola asanu, atsika. Amalowa m'minibasi, maola asanu ndi limodzi usiku wonse kulowera kum'mwera. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ali m'tsinde mwa Scafell Pike ndi matochi pamphumi. Maola anayi, atsika. Maola ena asanu pamsewu kupita ku Wales, kenaka maola anayi pa Snowdon. Onkhetsani nokha: maola 13 pansi, maola 11 pamsewu, yankho ndi 24 ndendende. Palibe ola lotsalira loti wina apumitse bondo, tayala liphwe, kapena msewu udzaze. Gulu likachedwa ndi mphindi 40 paphiri, aliyense amatembenukira kwa dalaivala.

Apa ndi pamene ine ndimaimapo kwambiri. Pa anthu onse a ulendowu, amene wanyamula moyo wa anzake ndi uja sakwera phiri ngakhale limodzi. Dzina lake siliwoneka pa chithunzi cha pansonga, palibe amene wasonkha ndalama pa iye, koma ndi iye amene amayendetsa galimoto usiku m'misewu yokhotakhota, m'mbuyo mwake muli anthu otopa amene akuyang'ana wotchi. Ife a kuno tikudziwa bwino chimene chimachitika dalaivala wa minibasi akamathamangira nthawi. N'chifukwa chake okonza maulendowa amene ali ndi nzeru amaumirira kuti dalaivala asakhale mmodzi mwa okwera phiri, agone pamene anzake akukwera, ndipo ena amachita kuikiratu maola a pamsewu kuti gulu lisapindule kanthu pothamangitsa galimoto.

Nanga wotchiyo ya chiyani? Bwanji osangokwera mapiriwo masiku atatu, kugona bwino, kudya bwino, n'kusonkhetsabe ndalamazo? Yankho lake lili m'thumba la woperekayo. Munthu ukamuuza kuti ukupita kokayenda kumapiri ndipo akuthandize, amaona ngati akukulipirira tchuthi. Ukamuuza kuti uli ndi maola 24 ndipo ukhoza kulephera, amatchera khutu. Lonjezo loyezeka limakoka ndalama chifukwa woperekayo ali ndi chinthu chodikirira: kodi akwanitsa? Ambiri kumeneko amatsegula tsamba pa intaneti, monga pa JustGiving, pamene aliyense amaona ndalama zimene zikufunika ndi zimene zalowa kale, ndipo ndalamazo zimapita ku bungwe lothandizidwalo osadzera m'thumba la wokwerayo. Boma lawo limaikaponso dzanja kudzera m'dongosolo lotchedwa Gift Aid: munthu wokhoma msonkho akapereka mapaundi 100, bungwelo limakatenga ku boma mapaundi ena 25.

Ifenso tili nayo njira yathu yofanana nayo, ulendo wa ndawala uja ambiri timangoti big walk. Mpingo ukafuna kufolera tchalitchi, sukulu ikafuna kumanga chipinda chogona atsikana, timavala malaya ofanana, ng'oma patsogolo, mbale m'manja, n'kumaimitsa galimoto pamsewu. Kusiyana kwake n'kwakuti pa ulendo wathuwu palibe amene amafunsa kuti mwayenda makilomita angati kapena mwatenga maola angati. Ndipo chondidandaulitsa ine n'chakuti kawirikawiri palibenso amene amafunsa kuti m'mbalemo munalowa zingati.

Koma wotchi ili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira si okwerawo okha. Njira yaifupi yokwerera Scafell Pike imayambira pa kamudzi kotchedwa Wasdale Head, kumapeto kwa kamsewu kakang'ono kotsata m'mbali mwa nyanja ya Wast Water. Ndi kamudzi ka alimi a nkhosa. Chifukwa cha masamu a maola aja, magulu ambiri amafika pamenepa pakati pa usiku kapena m'bandakucha. Taganizani muli m'tulo, kunja kukulira maminibasi, zitseko zikumenyetsedwa, anthu akuitanizana mayina, ena akufuna pothandizira poti akhala m'galimoto maola asanu ndi limodzi. Pofika nthawi yoti golosale itsegule, onse apita ku Wales osagulapo ngakhale buledi. Anthu a pamenepo akhala akudandaula kwa zaka zambiri za phokoso, zinyalala ndi zonyansa za anthu m'mbali mwa njira. Wina akasochera mu nkhungu kapena kuthyoka mwendo, amene amadzuka kukamufuna ndi gulu lopulumutsa anthu la ku Wasdale, anthu ongodzipereka amene m'mawa mwake akuyenera kupita kuntchito zawo. Njira nazo zimakumbika ndi mapazi ochuluka, mvula n'kumalizitsa, moti kuli ntchito yapadera yotchedwa Fix the Fells yongokonza njira za m'mapiri a Lake District.

Ku Ben Nevis vuto lina ndi makoko a nthochi. Anthu amataya poganiza kuti awola, koma pamalo ozizira chonchija amakhala nthawi yaitali asanawole. Ndipo mu 2006 anthu ongodzipereka a bungwe la John Muir Trust, akuchotsa milu ya miyala pafupi ndi nsonga, anapeza zotsalira za piyano itakwiriridwa. Akuti inanyamulidwa kukwera nayo kumeneko zaka zambiri m'mbuyomo, pa ulendo wina wosonkhetsa ndalama zachifundo. Mphamvu zokwezera zinalipo, zotsitsira zinasowa.

Musandimve ngati ndikunyoza anthu amenewa. Munthu amene amayi ake anamwalira ndi khansa, n'kukhala miyezi itatu akudzuka m'mamawa kukonzekeretsa miyendo kuti apezere ndalama chipatala chimene chinawasamalira, ndimamuvulira chipewa. Pali anthu ambiri amene sakanapereka kalikonse chikhala kuti mnzawo sanawaikire phiri patsogolo. Chimene ndikunena n'chakuti chifundo chopita kutali chisapondereze munthu amene ali pafupi, uja wa m'tsinde mwa phiri. Ndipo woperekayo ali ndi ufulu wodziwa kuti ndalama yake yagawidwa bwanji, chifukwa maulendowa amadya ndalama: mafuta, minibasi, operekeza, chakudya. Pali njira ziwiri zimene makampani okonza maulendowa amagwiritsa ntchito. Ina, wokwerayo amalipira ulendo wonse ndi ndalama zake, ndipo zonse zosonkhedwa zimapita ku bungwe. Inayo, amalonjeza kusonkhetsa ndalama zosachepera mlingo wina wake, ndipo gawo la ndalamazo ndi limene limalipira ulendowo. Zonse n'zololedwa, koma agogo amene apereka mapaundi 10 poganiza za ana amasiye ayenera kuuzidwa ngati mapaundi ena mwa amenewo agula dizilo.

Chandichititsa kulemba zonsezi n'chakuti mchitidwewu suli kutali nafe. Ku Blantyre a Mountain Club of Malawi ali ndi ulendo wawo wa mapiri atatu, Michiru, Ndirande ndi Soche, tsiku limodzi, wapansi wokhawokha, makilomita oposa 40. Ku Mulanje kuli mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race, umene unayamba ngati wa onyamula katundu ndi operekeza alendo a m'phirimo. Amanyamuka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, makilomita oposa 20, ndipo akatswiri amamaliza pasanathe maola atatu, mtunda umene mlendo wamba angauyende masiku awiri. Masiku anonso timaona magulu a kumaofesi ndi a achinyamata akukwera Sapitwa ndi nsalu yolembedwa cholinga chawo. Ine ndikukondwera nazo. Phiri tili nalo, lalitali kuposa onse atatu a ku Britain aja, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Palibe chifukwa chodikirira kuti mzungu achite matuza ku Scotland kuti sukulu ya ku Phalombe ipeze madesiki.

Koma tikamatengera, tisatengere ndi wotchi yomwe osaganiza. Wokwera Sapitwa kuchokera pa Likhubula ali ndi chitunda cha mamita oposa 2,000, ndipo chigawo chomaliza, kuchokera pa kanyumba ka Chisepo, si njira yoyenda manja ali m'thumba. Ndi matanthwe okwawa, mipata yopanikiza, malo ena oterera kukangonyowa. Ambiri amautenga ulendowu masiku atatu. Miyezi yozizira imene anthu amakonda kukwera ndi yomweyo ya chiperoni, kamvula ka nkhungu kaja kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chikatsika, munthu saona ngakhale mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo, ndipo kuzizira kwa pamwambapo kumapha. Mu Julaye 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzira zachuma, anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha kulowera ku Sapitwa. Thupi lake linapezeka patatha masabata pafupifupi atatu. Iye sankasonkhetsa ndalama, koma filimu ya moyo wake imene inatuluka mu 2017, Gabriel and the Mountain, imamuonetsa ali pa liwiro lofuna kuthana ndi phirilo mwamsanga. Tsono taganizani munthu amene walengeza pa Facebook kuti afika pansonga n'kutsika tsiku lomwelo, anthu 200 asonkha kale, ndiye womuperekeza akumuuza kuti nyengo yaipa, tibwerere. Manyazi amamukankhira kutsogolo. Lonjezo lija limene linakoka ndalama ndi lomwelo limene likumutseka makutu.

Njira yake ilipo ndipo si yovuta. Gulu lisananyamuke ligwirizane ola lobwerera: ikakwana nthawi yakutiyakuti tisanafike pansonga, tonse titembenuka, ndipo mawu omaliza ndi a woperekeza, ngakhale m'gulumo muli bwana wamkulu wa kampani. Osonkha auzidwiretu kuti ndalama yawo ipita kumene ikupita ngakhale phiri litakana. Kwa aphunzitsi anzanga amene mumatenga ana a kalabu ya zachilengedwe kupita nawo kumapiri, ine ndinganene mosapsatira kuti ana musawaikire wotchi konse. Mwana wa zaka 15 sadziwa kunena kuti watopa pamaso pa anzake, makamaka pamene pali atsikana kapena anyamata oti awaonetse mphamvu.

Onyamula katundu aja tisawaiwale. Ndi iwo amene amasenza mbaula, ufa, madzi ndi zofunda za gulu lonse, ena atavala nsapato zoti inu simungayende nazo ngakhale kupita kuchigayo. N'zochititsa manyazi kuti gulu limene likukwera phiri m'dzina la kuthandiza osauka likhale pa Likhubula theka la ola likunenerera malipiro a mnyamata amene asenze chikwama chawo. Iyeyo ndi Wasdale Head wathu. Mumulipire mtengo wake wonse, mugule nthochi ndi chinanazi kwa amayi a m'tsinde mwa phiri, makoko ndi mabotolo mutsike nazo, ndipo musadule kanthambi ka mkungudza koti mukaonetse kunyumba, poti mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Pali wotchi yachiwiri imene sindinaonepo gulu likuilengeza, ndipo kwa ife a kusukulu za kumudzi ndi imene ili yofunika. Imayamba kuyenda pamene wokwera womaliza watsika. Zithunzi za pansonga zimafika pa foni tsiku lomwelo. Nanga ndalama zimatenga masiku angati kuti zisanduke malata, simenti kapena mabuku? Kuno kumudzi nthawi ili ndi malire enieni. Phiri limakweredwa mu Juni kapena Julaye. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala. Mvula imayamba cha mu Novembala, ndipo ikangoyamba, lole ya mchenga siifikanso pasukulu, njerwa zosaphimba zimasungunuka, makolo amene analonjeza kudzathandiza ntchito ali kumunda. Kalasi imene sinafoleredwe pofika Okutobala idikira chaka chamawa, ana akuphunzirira pansi pa mtengo mpaka mtambo utawabalalitsa. Mtsikana amene amayenda makilomita 10 kupita kusukulu, amene chipinda chogona chija chimamangidwira iyeyo, mwina chaka chamawacho simudzamupezanso m'kaundula.

Ndalama nayo siidikira. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo ya zomangira n'kukwera motsatira. Gulu limene linasonkhetsa ndalama mu Julaye chaka chimenecho n'kuzisunga kubanki podikira mwambo wopereka cheke pamaso pa atolankhani linapeza kuti matumba a simenti amene linawerengera achepa, popanda wina kuba ngakhale tambala. Pa zimene ndaona m'zaka zanga za uphunzitsi, kuchedwa kumadya ndalama zachifundo mofanana ndi kuba, kungoti wochedwetsa palibe amene amamuloza chala.

Ndiye wina akadzabwera ndi fomu, kapena kukutumizirani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba kuti akukwera phiri m'maola akutiakuti, musamubweze. Mufunseni kuti ulendowo akulipira ndani, ndipo woperekeza wawo ndani. Mufunsenso kuti ndalamazo zikulowa mu akaunti ya ndani, ya bungwe kapena ya iye mwini. Kenaka mupempheni kuti pafupi ndi maola a phiri aja alembepo tsiku limene katunduyo adzakhale atafika pasukulupo, ndi kuti pepala la ndalama zonse zolowa ndi zotuluka, pamodzi ndi malisiti, lidzamatidwe pachitseko cha ofesi ya mphunzitsi wamkulu, pamene kholo lililonse lobwera kudzatenga lipoti la mwana lingaime n'kuwerenga.